Mthunzi wa Khonde: Kuweruza Zithunzi za Nyumba za pa Mishoni ya Mua

Mau Oyamba

Pa tchuthi chachikulu chapitachi, mmodzi mwa aseminale athu amene akuphunzira filosofiya anatumizidwa kukathandiza ntchito za utumiki m'dera la Mtakataka. Pobwerera kuno anabwera ndi zithunzi 12 za nyumba za pa Mishoni ya Mua, zonse zakuda ndi zoyera, ndipo anazipachika pakhoma la chipinda chochezera. Pasanathe masiku atatu nyumba yonse inali itagawikana. Ena anati mnyamatayu ali ndi diso. Ena anati wangoononga pepala, popeza palibe chithunzi nchimodzi chomwe chimene chikuonetsa nyumba yathunthu. Apa pali chidutswa cha khoma, apo pali mithunzi ya nsanamira itagona chopingasa pakhonde, penanso matailosi a denga adzaza pepala lonse ngati mamba a chambo. Mkonzi watipempha kuti tiziweruze zithunzizi, ndipo mwini wake wavomera, malinga tisamtchule dzina.

Chimene chatichititsa kulandira ntchitoyi si mkangano wa m'chipinda chochezera ayi, koma funso limene mnyamatayo anabwera nalo. Asanachoke kumeneko anaonetsa zithunzizo kwa mkulu wina, katekisti wopuma, amene anabatizidwa ndiponso kumanga banja lake pamalo omwewo. Mkuluyo anaziyang'ana chimodzichimodzi, zina nkumazitembenuza kuti apeze kumwamba kwake, ndipo pomaliza anati: "Mwajambula bwino ndithu, abulazala, koma nanga kwathu kuja mwakusiya kuti?"

Funso limeneli likutikhudza tonse. Masiku ano wansembe aliyense ali ndi kamera m'thumba, ndipo ndife amene timasankha zithunzi za pa kalendala ya parishi, za m'kabuku ka chikondwerero ndi za m'makalata opempha chithandizo. Koposa apo, diso limene mseminale akuphunzira kuonera nyumba ya Mulungu ndi lomwelo limene adzaonere nalo anthu a Mulungu akadzapatsidwa parishi.

1. Malo amene anajambulidwa

Ambiri mwa owerenga athu afikapo ku Mua, choncho sitichulutsa mau. Wochokera ku Salima kapena ku Balaka amapatuka pamsewu wa m'mbali mwa nyanja pafupi ndi Mtakataka, nakwera pang'ono mpaka patsinde pa mapiri a Dedza, pamene mtsinje wa Nadzipokwe umatsikira kuchigwa. Abambo Oyera anafika pamenepa mu 1902, m'dziko la Inkosi Kachindamoto, patapita zaka 11 chichokere kwa Mponda kumene ntchito imene anayamba mu 1889 siinakhazikike. Nyumba zao anazimanga ndi dothi la pomwepo: njerwa zofiira zootcha, makonde otchinjiriza dzuwa la kuchigwa, ndi madenga a matailosi. M'zaka za m'ma 1920 anatsegula malo osamalira odwala khate. M'dera lomweli munachokera Cornelius Chitsulo, Mmalawi woyamba kudzozedwa unsembe mu Mpingo wa Katolika, mu 1937, amenenso anadzozedwa uepiskopi mu 1957 nakhala mbusa woyamba wa Dedza. Mu 1976 Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a KuNgoni, kumene amisiri osema anapeza pogwirira ntchito yao, ndipo pambuyo pake panamangidwa nyumba ya Chamare yosungiramo za chikhalidwe, imene makoma ake akunja ali ndi zojambula za mbiri ya dziko lino, pamene m'kati mwake muli zigoba za Gule Wamkulu mazana angapo.

Malo otere amakhala ndi nkhope yodziwika. Mlendo amaima pakati pa bwalo masana, nakweza kamera kufika pamaso, najambula nyumba yonse kuyambira pamaziko mpaka padenga. Chithunzi chotero nchoona, koma chimanena chinthu chimodzi chokha, chakuti wojambulayo anafikako. Mnyamata wathu anakana kujambula motero, ndipo tiyenera kuyamba tafunsa kumene anatenga kukana kwakeko.

2. Kumene kajambulidwe aka kanachokera

Mu 1903, patangopita chaka chimodzi Mua itayamba, Mngelezi wina dzina lake Frederick Evans anajambula makwerero a mwala a m'tchalitchi chachikulu cha ku Wells. M'chithunzicho mulibe guwa, mulibe nsanja. Muli makwerero okhaokha, operepeseka ndi mapazi a anthu a zaka mazanamazana, akukwera ngati mafunde. Evans ankakhala masabata angapo m'tchalitchi chimodzi, kuyang'ana m'mene kuwala kumayendera, asanajambule kanthu. Akuluakulu athu anati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo iyeyu anadekhadi.

M'zaka za m'ma 1920, ku Moscow, Alexander Rodchenko anatsata njira ina. Iye ankanyoza zithunzi zojambulidwa kamera ili pamchombo, ndipo ankaima patsinde penipeni pa nyumba zosanjikizana nkulozetsa kamera kumwamba, kapena kukwera pamwamba nkuilozetsa pansi, mwinanso kuipendeketsa. Cholinga chake chinali chakuti munthu wa dziko latsopano la chikomyunizimu, dziko la makina ndi mafakitale, aphunzirenso kuona. Mizere yopendekeka imene tikuiona lero m'zithunzi za achinyamata ambiri inachokera kwa iye ndi anzake a nthawi imeneyo, ngakhale oigwiritsa ntchitowo sadziwa.

Wachitatu ali pafupi ndi ife. Lucien Hervé, wobadwira ku Hungary, mu 1949 anapita ku Marseille kukajambula nyumba yaikulu imene mmisiri Le Corbusier ankamanga, ndipo amene anamlangiza kutero anali wansembe wa chipani cha Dominiko Woyera, Bambo Marie-Alain Couturier, amene ankalimbikira kuti Mpingo uitane amisiri opambana a nthawi yake. Mu 1956 Hervé anatulutsa buku la zithunzi za nyumba ya amonke ya Le Thoronet ku France, yomangidwa m'zaka za m'ma 1100. M'bukumo muli miyala, kuwala ndi mdima basi, ndipo mseminale wathu wavomera kuti zithunzi zimenezo ndizo zinamkopa. Tidzabwereranso kwa Hervé, chifukwa pali chinthu china chokhudza Le Thoronet chimene mnyamatayu sanachiganizire.

Komabe tisafulumire kunena kuti zonsezi nzachizungu. Kumtunda kwa mapiri omwewo amene akuyang'ana Mua kuli Chongoni, kumene kuli malo 127 a zojambula za pamiyala amene bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zojambula zofiira zakale kwambiri za kumeneko, zimene amati nza Akafula, zambiri si nyama kapena anthu, koma mizere, madontho ndi zozungulira. Mayi woluka mkeka, bambo woluka lichero kapena nkhokwe, ndiponso agogo athu amene anatemedwa mphini pankhope, onsewa ankadziwa kuti mzere uli ndi kukongola kwakekwake. Choncho mkulu uja sanadodome chifukwa chosazolowera mizere. Chimene chinamvuta nchina.

3. Kupatula si kunama

Liwu limene akunja amatchulira luso lotere ndi lomwe lija tinakumana nalo m'chaka choyamba cha filosofiya: abstractio, ndiye kuti kupatula mbali imodzi ya chinthu m'maganizo nkusiya zinazo. Thomas Aquinas Woyera, mu gawo loyamba la Summa Theologiae, pa funso 85, akuyankha anthu amene ankati nzeru imanama ikapatula, popeza imaganiza chinthu mosiyana ndi m'mene chiliri. Iye akusiyanitsa njira ziwiri. Iye anapereka chitsanzo cha apulo. Ife tinene za mango. Tikhoza kuganiza za kufiira kwa mango popanda kuganiza za kukoma kwake kapena mtengo wake, ndipo pamenepo sitinaname, tangoyang'ana mbali imodzi. Koma tikanena kuti kufiirako kulipo pakokha, popanda chipatso chofiiracho, pamenepo tanama. Njira yoyamba ndi kuganizira china popanda chinzake. Yachiwiri ndi kutsimikiza kuti china chilipo popanda chinzake.

Chithunzi chilichonse chimapatula. Ngakhale chija cha mlendo woima pakati pa bwalo chasiya kumbuyo kwa nyumba, chasiya fungo la lubani, chasiya kulira kwa belu. Motero amene akudzudzula mnyamatayu chifukwa chongojambula chidutswa akudzudzula kamera iliyonse. Funso loyenera ndi ili: kodi chidutswacho chikuganizira mbali imodzi mosakana zinazo, kapena chikunena kuti zinazo kulibe?

Chinenero chathu chikutithandiza pano. Azungu anatcha luso limeneli ndi mau a Chigriki otanthauza kulemba ndi kuwala. Makolo athu atachiona anachitcha chithunzi, liwu la tsinde limodzi ndi mthunzi ndi chithunzithunzi. Iwo anayang'ana mbali ya mdima, ndipo anaona bwino. Mthunzi ulibe mtundu, ulibe nkhope, ndi mzere chabe wozungulira mdima. M'chilengedwe chonse palibe chopatulidwa kuposa mthunzi. Komabe mthunzi uliwonse uli ndi mwini wake. Mwana amazindikira mayi wake pa chithunzithunzi chodutsa pakhoma, ndipo wa paulendo akaona mthunzi amadziwa kuti pali mtengo. Msonkhano wachiwiri wa ku Nicaea, mu 787, unateteza zithunzi zoyera pa mfundo yomweyi, yakuti ulemu woperekedwa kwa chithunzi suthera pomwepo koma umakafika kwa mwini wake. Muyeso wathu tsono ndi uwu: chithunzi cha mizere ndi mithunzi nchabwino ngati chikutifikitsa kwa mwini mthunziwo, ndipo nchoperewera ngati chikutisiya pa mzere.

4. Zimene zapambana

Tiyambe ndi chithunzi chachisanu ndi chiwiri, chimene ambiri anachiseka koposa, ndipo ife tikuti ndicho chopambana. Wojambula anayandikira khoma lakale mpaka pepala lonse linadzaza ndi njerwa zisanu ndi ziwiri zokha. Anajambula m'mamawa, dzuwa likuwomba khomalo chammbali, kotero kuti kabowo kalikonse kanapeza mthunzi wake. Poyamba munthu amangoona mizere yopingasa ndi yoimirira. Akadekha amaona kuti njerwazo sizofanana, kuti ina inapsa kwambiri m'uvuni mpaka kuda, ina inapindika pang'ono, ndipo pa njerwa ya pakati pali timaenje tinayi tondondozana: zala za munthu amene anaigwira ili yaiwisi, itangotuluka m'chikombole.

Mabuku a mbiri ya mishoni zathu anasunga maina a ansembe ndi abulazala amene anayang'anira ntchito yomanga, ndipo nkoyenera kutero. Koma mutu umodzi susenza denga. Panali anthu amene anaponda dothi, amayi amene anatunga madzi kumtsinje, anyamata amene anadula nkhuni za uvuni, ndipo ambiri mwa iwo maina ao sanalembedwe paliponse. Chithunzi cha nyumba yonse sichingawaonetse, chifukwa munthu akaima patali njerwa zonse zimasanduka khoma limodzi lofiira. Pafunika kusiya denga, zitseko ndi mtanda kuti zala zinayi zija zioneke. Apa kupatula kwabweza chimene chizolowezi chinatibisira. Pa zinthu zitatu zimene Thomas Woyera akuti zimapanga kukongola, pa funso 39 la gawo lomwe lija, chimodzi ndi claritas, kuwala kumene kumatuluka m'chinthu chikadzionetsa chimene chili. Njerwa iyi yadzionetsa kuti ndi dothi la Mua lopyola m'manja mwa munthu wa ku Mua.

Chachiwiri pa mndandanda ndi chija cha khonde. Nsanamira zenizenizo sizikuoneka. Tikuona mithunzi yake yokha itagona pansi, mdima ndi kuwala mosinthanasinthana, monga mizere ya nsalu. Apa pali consonantia, kugwirizana kwa zigawo, ndipo diso limayenda pamizereyo monga khutu limayendera pa kulira kwa ng'oma. Koma chithunzichi chikunenanso ntchito ya khonde. Aliyense amene anakhalapo kuchigwa cha Mtakataka ndi Golomoti mwezi wa Okutobala akudziwa kuti kumeneko mthunzi si chokongoletsa. Pakhonde la mishoni mpamene anthu amadikirira kulembetsa ubatizo, kukamba mlandu wa banja, kapena kupempha wansembe kuti akadzoze wodwala. Ndipo pangodya ya kumunsi kwa chithunzichi, pamalire a kuwala ndi mdima, pali patapata mmodzi wong'ambika. Mnyamatayu akuti anafuna kumchotsa koma anachita ulesi. Ulesi umenewo wapulumutsa chithunzi chake, pakuti chifukwa cha patapatayo tikudziwa kuti mthunziwu uli ndi anthu ake.

Chachinayi chinajambulidwa m'tchalitchi, kamera itaikidwa pansi penipeni. Miyendo ya mabenchi yaima ngati nkhalango, ndipo kuwala kochokera pazenera kukudutsa pamwamba patali. Anzake anati awa ndi maimidwe achilendo. Ife tikufunsa: achilendo kwa yani? Mwana wokwawa amaona tchalitchi motero. Mayi amene wayala chitenje pansi pa tsiku la chikondwerero, mabenchi atadzaza, amachiona motero. Wodwala wobwera pamachira amachiona motero, ndipo sitikayika kuti ambiri mwa odwala khate a masiku aja ankaona nyumba za mishoni kuchokera pansi. Maimidwe amene timawatcha ozolowereka ndi a munthu wamkulu, wamphamvu zake, woimirira. Mthenga Wabwino suopa maimidwe achilendo: Zakeyo anaona Ambuye ali mu mkuyu, ndipo wofa ziwalo wa pa Marko 2 anaona nyumba ya ku Kapernao akutsika kuchokera kudenga. Wansembe amene tsiku lililonse amaona tchalitchi ali kuguwa, atayang'ana anthu, angapindule pokhala kanthawi ndi chithunzi ichi.

5. Zimene zaperewera

Chithunzi chakhumi ndicho chimene achinyamata anachikonda koposa, ndipo ife tikuchikana. Wojambula anaima patsinde pa khoma la tchalitchi, nalozetsa kamera kumwamba, naipendeketsa. Khoma latalika ngati linga, m'mphepete mwake mwathamangira kumitambo, ndipo thambo ladetsedwa. Awa ndi maimidwe a Rodchenko, ndipo abwera ndi katundu wao: amakweza nyumba ndi kuchepetsa munthu. Tikanamvetsa ngati wojambulayo akanafuna kutikumbutsa zaka zija pamene mishoni ndi anthu a nyau ankalimbana kwambiri m'dera limeneli, pamene kwa anthu ena a m'midzi nyumba za njerwa za paphiri zinali chizindikiro cha mphamvu yachilendo. Imeneyo ndi mbiri yoona ndipo ingajambulidwe. Koma m'chithunzimo mulibe kanthu kotilozera kumeneko. Tikachotsa tchalitchi nkuikapo banki ya ku Lilongwe kapena nkhokwe za chimanga za ku Kanengo, chithunzicho sichisintha. Umenewu ndi muyeso wosavuta umene wojambula aliyense angadziyese nao: ngati nyumba ina iliyonse ikanapereka chithunzi chomwecho, ndiye kuti sanajambule nyumbayo, wajambula luso lake.

Chachisanu chili ndi vuto lina. Chinatengedwa pakhoma la Chamare, ndipo pofuna kupeza mzere wokhota bwino, wojambula anadula munthu wina wa m'zojambula za pakhomapo paphewa, nasiya mkono ndi chidutswa cha nsalu. Njerwa ukhoza kuiyandikira monga ufunira, chifukwa siinayambe yalankhula. Koma chojambula cha pakhoma ndi mau a mmisiri mnzako, ndipo chinaikidwa pamenepo kuti chifotokoze mbiri kwa anthu, ngakhale osadziwa kuwerenga. Kuchidula chifukwa cha mzere kuli ngati kutenga theka la chiganizo cha munthu chifukwa mau ake akumveka bwino. Ife amene timaphunzitsidwa kusachotsa vesi m'malo mwake tiyenera kukhala oyamba kuona cholakwa chimenechi.

Koma kuperewera kwakukulu sikuli m'chithunzi chimodzi. Kuli m'zonse pamodzi. M'zithunzi 12 mulibe munthu ndi mmodzi yemwe. Titamfunsa, mnyamatayu anatiuza mosabisa kuti Misa ikatha ankadikira mpaka mayi wotsiriza atatuluka, chifukwa anthu ankamsokonezera mizere. Apa mpofunika kubwerera ku Le Thoronet. Pamene Hervé ankajambula nyumba ija, amonke a Cistercian anali atachokamo kalekale, kuyambira nthawi ya chipolowe chachikulu cha ku France cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1700. Kusowa kwa anthu m'zithunzi zake kunali koona. Iye anajambula chisa chimene mbalame zinachokamo. Mua si chisa chotero. Kuli ana a sukulu, kuli odwala ndi owadwazika, kuli amisiri akusema, kuli miphakati imene imabwera ndi nyimbo zake. Kujambula Mua mwa kachitidwe ka Le Thoronet, kopanda chithunzi nchimodzi chomwe chotsutsa, nkuchoka pa kupatula koyamba kuja nkulowa m'kwachiwiri. Sikulinso kuganizira nyumba popanda kuganizira anthu. Kwasanduka kunena kuti nyumbayi ilipo popanda anthu.

Chinenero chathu pano chikutichenjezanso. Tili ndi mau awiri pamene zinenero zina zili ndi limodzi: tchalitchi, liwu lobwereka, lotchulira nyumba, ndi mpingo, liwu lathulathu, lotchulira anthu. Kalata yoyamba ya Petulo, mutu 2, imatcha okhulupirira miyala yamoyo, kusonyeza kuti nyumba yeniyeni ndi iwo, ndipo ya njerwayo ndi mthunzi wao. Msonkhano Wachiwiri wa Vatikani, m'chikalata chake cha za chipembedzo cha 1963, mutu 7, unanena poyera kuti Mpingo sunasankhe luso la mtundu umodzi kukhala lakelake, ndiponso kuti luso la masiku ano ndi la mitundu yonse lipatsidwe ufulu. Wina asadzudzule tsono mnyamatayu m'dzina la Mpingo chifukwa chakuti kajambulidwe kake nkatsopano. Koma mutu womwewo ukulamula kuti matchalitchi amangidwe moyenerera mwambo wa chipembedzo ndi kutengapo mbali kwa akhristu. Ngati mpingo wosonkhana ndiwo cholinga cha nyumbayo, ndiye kuti mizere ya mabenchi, kutalika kwa denga ndi malo a zitseko sizingamveke popanda iwo. Anthu amene mnyamatayu anati akusokoneza mizere ndiwo anachititsa kuti mizereyo ikhalepo.

Choyamba pa zinthu zitatu za Thomas Woyera ndi integritas, kukwanira kwa chinthu chosasowa chiwalo. Sitikufuna kuti chithunzi chilichonse chikhale nacho pachokha, pakuti tikatero tidzabwerera kwa mlendo wa pakati pa bwalo uja. Koma munthu akasonkhanitsa zithunzi 12 nazitcha Mua, gulu lonselo liyenera kukhala nacho. Apa mpamene funso la katekisti uja laluma. Iye sanapemphe kuti aone denga ndi maziko pa pepala limodzi. Anati kwathu, ndipo kwathu ndi malo amene ali ndi eni ake.

Mau Otsiriza

Pa Eksodo 33, Mose anapempha kuona ulemerero wa Chauta, ndipo anaikidwa m'phanga la thanthwe naloledwa kuona kumbuyo kokha. Kuona mbali chabe ndiko gawo lathu pansi pano, pa za Mulungu ndi pa za anthu zomwe. Ife ansembe tilibe chifukwa choopera chithunzi chimene chikuonetsa chidutswa, popeza ntchito yathu yonse ili pa zizindikiro zazing'ono: madzi pang'ono, mafuta pang'ono, kachidutswa ka mkate. Komatu Mose ankadziwa mwini wa chimene anaonacho, ndipo chizindikiro chimakhala chizindikiro pokhapokha chikaloza kwina.

Kwa mseminale wathu tikuti apitirize, pakuti ali ndi mphatso imene ambiri a ife tilibe, ndipo zithunzi zitatu mwa 12 zatiphunzitsa kuona malo amene tinkayesa kuti tikuwadziwa. Achotse chakhumi ndi chachisanu. Pa tchuthi chikubwerachi abwerere ku Mua, ayambe wapempha chilolezo kwa eni malo, ndipo ajambule makonde omwewo ndi mabenchi omwewo anthu ali pomwepo, osawaimika pamzere kuti amwetulire, koma kulola kuti mizere ya nyumba ndi matupi a anthu zikumane monga zimakumanira tsiku lililonse. Ntchito imeneyo njovuta kuposa imene wachita, chifukwa khoma limadikira koma munthu sadikira. Atengenso chithunzi cha njerwa chija, apite nacho kwa akuluakulu a m'midzi yozungulira, afunse amene akukumbukira za makolo ao amene anagwira ntchito pa uvuni, ndipo alembe zimene amve. Kwa abale athu ansembe amene amakonza makalendala ndi timabuku ta zikondwerero tikuti asaope kuika chithunzi chotere pakati pa zinazo. Akhristu athu, ana a oluka mikeka ndi malichero, adzachimva msanga kuposa m'mene tikuganizira.

Pali chinthu chimodzi chimene mnyamatayu anatiuza pomaliza, chimene iye sanachiyese kanthu. Mkulu uja atafunsa funso lake sanabweze zithunzi zonse nthawi imodzi. Anatsala ndi chija cha khonde, nachiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anaika chala pa mthunzi wachitatu kuchokera kumanzere, nanena kuti pamenepo mpamene ankakhala ali mnyamata, podikira kuyesedwa katekisimu.